Mapilitsi a anankafumbwe m'nyumba yogona anthu: yankho kwa woyamba ntchito yopopera mankhwala

Funso

Ndagwira ganyu zaka ziwiri pa kampani ina yopopera mankhwala kuno ku Lilongwe. Ntchito yanga inali kubereka sipuleya ndi kusakaniza zomwe abwana andiuza. Tsopano ndagula sipuleya yangayanga ndipo ndikufuna kuima pandekha. Ntchito ziwiri zandipeza kale. Mayi wina wa geni ya chimanga ali ndi matumba 60 m'chipinda china cha nyumba yomwe amagonamo ndi ana ake, ndipo akufuna ndikamuikire mapilitsi ophera anankafumbwe. Kwina ndi ku hositelo ya ana asukulu komwe nsikidzi zavuta. Akumeneko akuti anamva kuti mapilitsi omwewo amamaliza nsikidzi usiku umodzi. Kodi chiphaso n'chofunikadi kwa munthu wongoyamba kumene ngati ine? Nanga ndi ziti zomwe ndiyenera kudziwa ndisanayambe?

Wowerenga wa ku Area 25

Yankho

Achimwene, ndiyambe ndi chachangu, chifukwa mwina mayi aja akukudikirani mawa m'mawa. Mapilitsi amenewo musakawaike m'nyumba ija, ngakhale atakuwonjezerani ndalama, ngakhale atalonjeza kuti chitseko cha chipindacho achikhoma ndi loko. Ku hositelo nakonso musakawalowetse. Zina zonse zomwe ndilembe apa mukhoza kuziwerenga pang'onopang'ono, koma ichi chokha chigwireni lero.

Mapilitsi otuwa aja, omwe ambiri amawadziwa ndi dzina la Phostoxin, ndi aluminium phosphide. Pilitsi palokha silipha kachilombo. Likakumana ndi chinyezi cha mumlengalenga limayamba kusungunuka ndi kutulutsa mpweya wotchedwa phosphine, ndipo mpweyawo ndiwo umagwira ntchito. Pilitsi limodzi lolemera magalamu 3 limatulutsa galamu imodzi ya phosphine. Galamu imodzi imamveka ngati kanthu kochepa, koma muyezo womwe munthu wantchito amaloledwa kupuma pa tsiku m'mayiko ena ndi magawo 0.3 okha pa magawo miliyoni imodzi a mpweya. Pilitsi limodzi lokha m'chipinda chogona chotseka limapyola muyezo umenewu kambirimbiri. Nanga matumba 60, ena n'kumaika pilitsi pathumba lililonse?

Vuto lake n'lakuti mpweyawu sudziwa chitseko. Umadutsa pansi pa chitseko, m'ming'alu ya khoma, pamwamba pa khoma pomwe palibe siling'i, ngakhale m'njerwa zenizenizo. Nyumba zathu zambiri za lendi makoma ake safika kudenga, ndiye chipinda cha chimanga ndi chipinda cha ana zimapumira mpweya umodzi, nthawi zina pamodzi ndi banja loyandikana nalo lomwe silikudziwa n'komwe kuti kwaikidwa mankhwala. Phosphine ndi wolemerako pang'ono kuposa mpweya wamba, ndipo amene amagona pamphasa pansi ndi ana. Matupi awo ndi aang'ono, amapuma mofulumira, choncho ndiwo amayamba kugwa.

Izi si nthano zoopsezera ongoyamba. Mu 2010 ku Layton, m'chigawo cha Utah ku America, ana awiri apachibale anamwalira munthu wa kampani yopha tizilombo atakwirira mankhwalawa pafupi ndi nyumba yawo pofuna kupha timbewa ta m'kapinga. Taonani, anali kunja kwa nyumba, ndipo woikayo anali wapantchito. Zitachitika izi boma la America linaletsa kugwiritsa ntchito mankhwalawa pafupi ndi nyumba zokhala anthu. Mu Febuluwale 2015 ku Fort McMurray ku Canada, ana awiri a banja limodzi anafa makolo ataika mapilitsi m'nyumba kuti aphe nsikidzi. Mu Januwale 2017 ku Amarillo ku Texas anafa ana anayi: mankhwala anaikidwa kunsi kwa nyumba, ndipo fungo litayamba kuvuta, wina anathirapo madzi kuti awatsuke, osadziwa kuti madzi ndiwo amatulutsa mpweyawo mwamphamvu. Ndipo mu Disembala 2021 ku London, mtsikana wa zaka 11 anamwalira chifukwa woyandikana naye nyumba, pa mdadada womwewo, anamwaza mapilitsi polimbana ndi nsikidzi. Ziwiri mwa nkhani zinayizi ndi za nsikidzi, ndendende zomwe a ku hositelo akukupemphani.

Pali anthu amene amati, "Ndikamva fungo ndituluka." Zoona, mapilitsiwa amanunkha ngati adyo kapena nsomba yowola, koma fungolo si la phosphine weniweniyo, ndi la zina zosakanikirana nazo, ndipo mphuno imazolowera msanga. Munthu ali m'tulo ndiye samva chilichonse. Akale anati tsoka silinunkha, ndipo pa mpweya uwu mawuwa ndi oona monga momwe akumvekeramo. Zizindikiro zake nazo zimasocheretsa: mutu, nseru, kusanza, kutsegula m'mimba, chifuwa kubanika, kufooka. Mayi aganiza kuti ana adya chakudya chogona kapena ndi malungo, awapatsa Panado n'kuwagonekanso m'chipinda chomwecho. Pofika kuchipatala mtima ndi mapapo zawonongeka kale. Ndipo mudziwe kuti phosphine alibe mankhwala othetsa ululu wake. Madokotala amangothandiza thupi kupuma ndi mtima kugunda, kudikira ngati lingapirire.

Tsono ngakhale tikanati m'nyumbamo mulibe munthu, njira yoponya pilitsi m'thumba la saka ndi ntchito yabodza. Kuti phosphine aphe mazira ndi tiana ta nankafumbwe tobisala mkati mwa njere, mpweyawo uyenera kukhala wotsekeredwa kwa masiku osachepera asanu kukamatentha, ndipo nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, sabata yathunthu kapena kuposerapo. Thumba la saka ndi loboola paliponse. Mpweya umathawa tsiku loyamba lomwelo, akuluakulu oyenda pamwamba amafa, mwini chimanga amasangalala n'kukulipirani, koma pakatha mwezi fumbi layambanso kutuluka. Otsalawo ndi olimba, ndipo ana awo amabadwa olimba. Umu ndi momwe tizilombo tosamva phosphine tachulukira m'mayiko ambiri. Chinanso, mpweyawu ukachoka susiya chitetezo chilichonse pa chimanga. Nankafumbwe wochokera kwa aneba akhoza kulowa mawa lake.

Ntchito yeniyeni yofukiza imachitikira m'nyumba yosungiramo katundu yomwe ili patali ndi pogona anthu. Matumba amasanjidwa pa mapaleti, pa simenti yopanda ming'alu. Mulu wonse umafundikidwa ndi tenti yapadera yosatulutsa mpweya, osati pepala lakuda lofolerera nyumba, ndipo m'mbali mwake amatsindira ndi timatumba tatitali ta mchenga, tosanjikizana kuti pasakhale mpata. Mapilitsi amaikidwa motalikirana pa mathireyi, chifukwa akaunjikana kapena akakhudza madzi amatha kuyaka okha. Pakhomo pamaikidwa chikwangwani cha chenjezo chokhala ndi tsiku ndi dzina la wofukiza, nyumba imakhomedwa, ndipo makiyi amasunga wofukizayo. Ofukiza sakhala mmodzi, amakhala awiri kapena kuposa. Amavala chigoba chophimba nkhope yonse chokhala ndi sefa yopangidwira phosphine, ndipo amakhala ndi chipangizo choyezera mpweya. Potsegula, salola munthu kulowa mpaka chipangizocho chitatsika kufika pa muyezo uja wa 0.3. Phulusa lotsala pa mathireyi nalo silitayidwa kudzala kapena kutsekeredwa m'chitini, chifukwa limakhala likadatulutsabe mpweya pang'ono. Ngati mulibe tenti, chigoba ndi choyezera, ndiye kuti simunafike pofukiza, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Ambirife tinayamba ndi sipuleya.

Apa ndikumbutse kanthu kena. M'tauni muno aliyense wonyamula sipuleya amalemba pa kapepala kake kuti amachita fumigation, lomwe ndi liwu la Chingerezi lotanthauza kufukiza. Kupopera mankhwala amadzi pakhoma ndi ntchito ina, kufukiza ndi mpweya ndi ntchito inanso. Kusokoneza mawu awiriwa n'komwe kumachititsa makasitomala kuganiza kuti mapilitsi ndi mankhwala a m'nyumba, ongoposa Doom mphamvu.

Ndiye mayi a chimanga muwauze chiyani? Musangokana n'kuchoka, chifukwa akapeza mnyamata wina pamsika amene akawaikira. Akhazikeni pansi, muwafotokozere za ana awo, kenako muwapatse njira ina. Choyamba onani ngati chimangacho chinauma. Chosunga chimafunika chinyezi chisapyole 13 pa 100 alionse. Popanda makina, tengani botolo lagalasi louma, ikanimo mchere wouma ndi chimanga chodzaza dzanja, khutchumulani kwa kamphindi n'kulisiya. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimanga chibwerere padzuwa. Chikauma chipetedwe, kenako pali njira ziwiri. Ina ndi mankhwala aufa osakaniza ndi chimanga, monga Actellic kapena Shumba, pa muyezo wolembedwa pa paketi, ogulidwa kusitolo yovomerezeka, osati ufa woyera wa m'timapepala ta pamsika womwe nthawi zina umakhala phulusa kapena choko. Ina, yomwe ine ndimaikonda pa chimanga chokhala m'nyumba, ndi matumba a PICS, omwe anapangidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Purdue ku America. Ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Mukamanga lililonse palokha bwinobwino, tizilombo timamaliza mpweya womwe ulimo n'kufa tokha, popanda dontho la mankhwala. Mdani wake ndi khoswe ndi munthu wokonda kutsegulatsegula. Ngati mayiwo akakamirabe zofukiza, chimanga chituluke m'nyumba chipite kumalo osungira katundu, ndipo ntchitoyo muipereke kwa kampani yokhala ndi chiphaso chofukizira.

Muonenso kuti ndi nankafumbwe wanji. Wamba uja ali ndi kamlomo kakatali. Koma kuli wina wamkulu, wooneka ngati kamgolo, mutu wake wobisika pansi, yemwe kwawo ndi ku Central America. Anafika ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kwathu kuno analowera ku Karonga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ameneyu amasandutsa chimanga ufa, amaboola makaka, nsungwi za nkhokwe ndi matabwa omwe. Mankhwala a mtundu umodzi samukwanitsa bwino pamodzi ndi mnzake uja, n'chifukwa chake mukawerenga paketi ya mankhwala aufa mumapeza mayina awiri, monga pirimiphos-methyl ndi permethrin. Mukaona ufa wambiri pansi pa matumba ndi timabowo tozungulira bwino, dziwani kuti mlendoyo ndi ameneyu, ndipo matumba akale ndi mapaleti nazo ziyenera kusamalidwa.

Za chiphaso, yankho ndi inde, n'chofunika, ndipo lamulo silisiyanitsa wongoyamba ndi mkhalakale. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo, Pesticides Act, la chaka cha 2000, lomwe linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board. Likulu lake lili ku Bvumbwe m'boma la Thyolo. Bungweli ndilo limalembetsa mankhwala ololedwa m'dziko muno, limapereka zilolezo kwa oitanitsa ndi ogulitsa, komanso ziphaso kwa opopera ndi ofukiza molipidwa. Kupopera m'munda mwanu ndi nkhani ina, koma mukangolandira ndalama kuti mupopere kwa munthu wina, mwalowa m'gulu lofunika chiphaso. Chiphaso cha abwana anu akale sichikukutetezani. Chinatsala komweko tsiku lomwe munatsanzika. Alembereni kapena pitani mukafunse fomu, maphunziro ofunika ndi malipiro a chaka chino, ndipo konzekani kuti adzafuna kuona komwe mumasungira mankhwala ndi zovala zanu zodzitetezera. Bizinesiyo muilembetsenso. Masukulu, mahotela ndi mabungwe olipira bwino amafunsa mapepala amenewa asanakupatseni ntchito, ndipo tsiku lomwe mwana wadwala pambuyo pa kupopera kwanu, funso loyamba la apolisi lidzakhala lomweli.

Tibwere ku hositelo, komwe kuli ntchito yomwe mungaigwire bwino mukapeza chiphaso. Nsikidzi zimagonjetsa opopera ambiri chifukwa amafika n'kuyamba kupopa, osayang'ana. Inu mukafike ndi tochi. Nsikidzi sikhala pakati pa khoma. Imabisala m'mfundo za bedi, m'mabowo a misomali, m'misoko ya matilesi, kuseri kwa zithunzi, m'ming'alu ya pulasitala, m'masutikesi ndi m'maneti momwe. Timadontho takuda pa thabwa ndi ndowe zake, ndipo pomwe pali timadonthoto ndi pomwe mankhwala ayenera kufika. Theka la ntchito ndi lopanda mankhwala: zofunda ndi zovala zichapidwe m'madzi otentha ofika madigiri 60 kapena zisitidwe, mabedi amasulidwe n'kuthiridwa madzi owira m'mfundo, ming'alu imatidwe, matilesi ong'ambika kwambiri atayidwe. Pamwamba pa matilesi pomwe mwana amagoneka tsaya musapopere, pokhapokha lebulo itanena poyera kuti n'zololedwa.

Ndipo akuluakulu a hositelo muwauziretu kuti ulendo umodzi sukwana. Mazira a nsikidzi sagwidwa ndi mankhwala ambiri opopera, ndipo amaswa pakatha masiku 6 mpaka 10. Choncho mumabwereranso pakatha masabata awiri kudzapha zoswa kumene zisanayambe kuikira. Mtengo wanu ukhale wa maulendo awiri kuyambira pachiyambi. Nthawi yabwino ndi ya holide, ana atapita kwawo, koma musaganize kuti njala ya mwezi umodzi izipha. Nsikidzi imatha miyezi ingapo osayamwa magazi. Ana akamabwerera, katundu wawo ayang'anidwe pakhomo, apo ayi mudzanamiziridwa kuti munapopera madzi.

Pa nsikidzi pomwepa mudzakumana ndi vuto la kusamva mankhwala. Munthu amapopera cypermethrin, zakanika. Amagula deltamethrin, zakanika. Amasintha n'kugula lambda-cyhalothrin, n'kumadabwa. Mabotolo atatu, mayina atatu, koma onsewo ndi a banja limodzi la pyrethroid, ndipo amapha m'njira imodzi. Kachilombo kakapirira mmodzi kapirira onse. Phunzirani kuwerenga dzina laling'ono la mankhwala enieni omwe ali m'botolo, osati dzina lalikulu lamalonda. Malebulo ambiri masiku ano amalemba nambala ya gulu: 1A ndi ma carbamate, 1B ndi ma organophosphate monga pirimiphos-methyl ndi dichlorvos, 3A ndi ma pyrethroid, 4A ndi ma neonicotinoid monga imidacloprid. Kusintha mankhwala ndi kusintha nambala imeneyi. Kuwirikiza muyezo si yankho. Mumangowonjezera poizoni kwa ana, nsikidzi zili phee.

Mphemvu ndi makoswe ndingodutsapo. Timphemvu tating'ono ta kukhitchini timagonja bwino ndi nyambo ya jelo yoikidwa timadontho m'makona kusiyana ndi kupopera, ndipo mukapopera pafupi ndi nyamboyo mwaiwononga. Mankhwala amakono a makoswe, monga brodifacoum ndi bromadiolone, amapha patapita masiku angapo poletsa magazi kuundana. Aikidwe m'timabokosi totseka pomwe mwana, galu kapena nkhuku sizingafike, ndipo wina akadya mwangozi, kuchipatala ali ndi vitamini K1 wothandiza. Koma ngati zinyalala zili pakhomo ndipo mabowo sanatsekedwe, mukungodyetsa makoswe a mudzi wonse.

Lebulo ndiyo bwana wanu watsopano. Zaka ziwiri zija munkasakaniza zomwe mwauzidwa. Tsopano wokuuzani ndi pepala lomatidwa pa botolo. Limanena tizilombo tomwe mankhwalawo amapha, malo omwe aloledwa, muyezo, zovala, nthawi yomwe anthu ayenera kudikira asanalowenso, ndi chithandizo choyamba. M'munsi mwake mumakhala mzere wa mtundu: wofiira ndi woopsa kwambiri, wachikasu ndi woopsa, wobiriwira ngati mtambo ndi wofuna kusamala, wobiriwira ngati msipu ndi wocheperako ululu. Wa mzere wofiira alibe malo m'nyumba ya munthu. Mankhwala a thonje, fodya kapena tomato si a m'chipinda chogona, ngakhale atakhala otchipa motani. Botolo lopanda lebulo, la lebulo ya chilankhulo chomwe simungawerenge, kapena lopitirira tsiku lake, lisiyeni pashelefu pomwepo.

Muyezo muziyeza, osati kuyerekeza ndi chitsekerero cha botolo. Gulani kapu yoyezera kapena sirinji yaikulu yosungira ntchito imeneyi yokha. Lebulo ikati mamililita 50 pa malita 10 a madzi, ndipo sipuleya yanu ndi ya malita 16, muthira mamililita 80. Thirani madzi theka kaye, kenako mankhwala, kenako madzi otsala, ndipo muvundule ndi kamtengo, osati dzanja. Muyesenso dzanja lanu: dzazani madzi okha, poperani khoma lomwe mwaliyeza kukula kwake, muone malita omwe apita. Opopera udzudzu m'nyumba, monga aja ankagwira ntchito ku Nkhotakota, amaphunzitsidwa kuika nozo, kamlomo kotulukira mankhwala kaja, masentimita 45 kuchokera kukhoma ndi kuyenda liwiro limodzi, kuti khoma linyowe osachucha. Mankhwala akamayenderera pansi, ndi ndalama zanu zikutayika. Nozo ikatsekeka musaiuzire ndi pakamwa, ndipo musaitokose ndi waya. Itsukeni ndi madzi ndi kaburashi.

Nthawi yoopsa kwambiri pa tsiku lanu si popopera ayi, ndi posakaniza, pomwe mankhwala ali osasungunula. Ndipo khomo lalikulu lolowera poizoni m'thupi la wopopera si pakamwa, ndi khungu. Magolovesi akhale a mphira wotchedwa nitrile ofika m'kasukusuku. Ansalu ndi achikopa amamwa mankhwala n'kumakupakani tsiku lonse. Ovololo ya manja aatali, majombo a mphira ndipo miyendo ya ovololo ikhale kunja kwa majombo, magalasi oteteza maso, chipewa, ndi chophimba mphuno chokhala ndi sefa ya mankhwala. Timasiki tansalu ndi tachipatala tija tinazolowera nthawi ya Covid-19 sitiletsa nthunzi ya mankhwala. Tikanyowa ndiye timangousunga pamphuno. Ndikudziwa kuti mu Okutobala zovala zimenezi zimawotcha ngati uvuni. Yambani ntchito mbandakucha, osati kuvula.

Ine ndinaphunzira ndi msana wanga. Ndili wachinyamata ndinabereka sipuleya yodontha pa chitsekerero kuyambira m'mawa mpaka masana, ndikuganiza kuti kunyowako ndi thukuta. Madzulo ake malovu anali chuchuchu, maso akuona mwachimbuuzi, minofu ya m'miyendo ikunjenjemera yokha. Anzanga anandipatsa mkaka. Mwamwayi mkulu wina anakana, nanditengera kuchipatala botolo la mankhwala lili m'manja. Za mkakazi ndinene mosabisa: mkaka suchotsa poizoni. Kumwa mkaka mukaweruka sikutsuka chilichonse m'thupi, ndipo kwa munthu amene wamwa mankhwala, mkaka kapena mafuta ophikira zikhoza kufulumizitsa poizoni kulowa m'magazi.

Zomwe zinandigwirazo ndizo zizindikiro za ma organophosphate ndi ma carbamate: thukuta lambiri, malovu, misozi, kusanza, kutsegula m'mimba, kadiso kakuda kuchepa ngati nsonga ya singano, kubanika. Zikaoneka, mchotseni munthu pamalopo, mvuleni zovala, msambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, inu mutavala magolovesi. Akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Ngati wamwa musamusanzitse, chifukwa mankhwala ambiri amadzi ali ndi mafuta omwe akalowa m'mapapo amawononga koposa. Mgonekeni chammbali, thamangirani kuchipatala, ndipo botolo kapena chithunzi cha lebulo chipite nawo, kuti adokotala adziwe ngati afunika mankhwala otchedwa atropine kapena ena. Ngati muzigwira ma organophosphate kawirikawiri, funsani za kuyezetsa magazi kotchedwa cholinesterase, komwe kumaonetsa ngati thupi layamba kufooka zizindikiro zisanaoneke.

Poti mukuyambira kunyumba, mankhwala musasunge kunsi kwa bedi kapena kukhitchini. Apezereni kachipinda kapena kabati yachitsulo yokhoma, kunja kwa nyumba yogona, kopita mphepo, aufa pamwamba amadzi pansi, ndi ndowa ya mchenga pafupi yokwirira otayika. Kasitomala akakupemphani kuti mumugawireko pang'ono m'botolo la Fanta kapena la Sobo, kanani. Mwana akaona botolo lotere amadziwa chinthu chimodzi chokha. Tameki uja amagulitsidwa m'timapepala ngati mankhwala a makoswe ndi aldicarb, mmodzi mwa mankhwala aululu kwambiri omwe anapangidwapo a m'munda, ndipo maliro omwe wadzetsa m'dziko muno tonse tawamva. Asapezeke m'chikwama chanu. Pa kabaza kapena mu minibasi, mankhwala asayende pamodzi ndi ufa kapena ndiwo.

Botolo likatha litsukeni katatu, madzi otsukirawo muwathire mu sipuleya n'kuwapopera pa ntchito yomweyo, kenako liboleni kuti wina asakasungiremo mafuta ophikira kapena thobwa. Sipuleya musatsukire pamjigo, pachitsime kapena kumtsinje. Ma pyrethroid amapha nsomba ngakhale atakhala ochepetsetsa. Zovala zantchito muzichapa nokha, pazokha, osati kuziponya m'beseni limodzi ndi matewera a mwana. Musanapopere m'nyumba, zakudya, ziwiya ndi madzi akumwa zituluke, ndipo funsani ngati muli mayi woyembekezera, khanda, wodwala mphumu kapena ziweto. Amphaka makamaka sapirira permethrin.

Chotsiriza chogula ndi chotchipa kuposa zonse: kope lachikuto cholimba. Ntchito iliyonse mulembe tsiku, malo, kachilombo komwe munapeza, dzina la mankhwala ndi nambala ya gulu lake, muyezo, malita omwe munapopera, nthawi yomwe munamaliza ndi nthawi yomwe munauza anthu kuti alowenso, ndipo mwini malo asayine. Oyendera a boma akabwera adzafuna kuliona. Ku hositelo kuja, tsamba loyamba likhale la tsiku lomwe mwapita ndi tochi yokha, mutalemba chipinda ndi chipinda, bedi ndi bedi, pomwe mwapeza timadontho takuda. Pansi pake mulembe masiku awiri opopera, otalikirana masabata awiri, ndipo a hedi kapena a matroni asayine kuti ana sadzagonamo mpaka nthawi yomwe lebulo yanena itakwana ndipo mawindo atakhala otsegula.